Edgar Codd, Katswiri Amene Anaphunzitsa Makina Kusunga Kaundula

Munthu aliyense amene anaimapo pa mzere pa boma la Petauke kapena la Nyimba kudikira citupa ca reji, kapena amene anapitapo ku depoti kukafunsa ngati dzina lake latuluka pa mndandanda wa alimi olandira fataleza, adziwa bwino kuti moyo wa munthu masiku ano wagona m'kaundula. Dzina likalembedwa bwino, zinthu zimayenda. Likalakwika ndi cilembo cimodzi cokha, kapena likapezeka m'mabuku awiri osagwirizana, mlimi amabwerera kumudzi cimanjamanja mvula ili pafupi, ndipo kawirikawiri palibe kalaliki amene angathe kumuuza pamene pagona colakwa. Kale makaundula amenewa anali mabuku aakulu a zikuto zolimba, koma lero ambiri a iwo ali m'makompyuta. Ngakhale zili tero, ndi anthu owerengeka okha amene amadziwa kuti njira imene makompyuta ambiri pa dziko lapansi amasungira maina ndi ziwerengero inayambira m'mutu mwa munthu mmodzi, Mngelezi wodziwa masamu, malemu Dr. Edgar Frank Codd, amene anzao anali kuwachula kuti Ted.

A Codd anabadwa pa 19 August m'caka ca 1923 ku Fortuneswell, pa cisumbu ca Portland, m'cigawo ca Dorset kumwera kwa England. Iwo anali mzime m'banja la ana 7. Atate ao anali ndi nchito yokonza zikopa, pamene amai ao anali mphunzitsi. Atatsiriza sukulu ku Poole anapita ku Exeter College pa yunivesite ya Oxford, kumene anaphunzira kemisitiri ndi masamu, koma nkhondo yaciwiri ya dziko lonse inawadula maphunziro pakati. Analowa gulu la asilikali a m'mlengalenga la RAF nakhala woyendetsa ndeke za mtundu wa Sunderland, ndeke zikuluzikulu zotera pa madzi, zimene nchito yake inali kulondera nyanja. Nkhondo itatha anabwerera ku Oxford kukatsiriza masamu, ndipo m'caka ca 1948 anawoloka nyanja kupita ku America.

Sipanapite nthawi, analembedwa nchito ndi kampani ya IBM mu mzinda wa New York. Makina oyamba amene anagwirapo nchito anali kuchedwa SSEC, cimakina codzaza cipinda cathunthu, cokhala ndi mababu oposa 12,000, cimene kampaniyo inaciika pafupi ndi zenera kuti anthu odutsa mu mseu azicita naco cidwi. Nchito ya a Codd inali yolemba malangizo amene makinawo anali kutsatira powerengera.

Khalidwe lao linaonekera msanga. M'caka ca 1953, pa nthawi imene Senator Joseph McCarthy anali kusakasaka anthu amene anali kuwaganizira kuti ndi a Komyunizimu, nkumaipitsa mbiri ya anthu osalakwa, a Codd ananyansidwa nazo kotero kuti anasamukira ku Ottawa m'dziko la Canada. Anabwerera ku America mu 1957, nagwira nchito pa makina a IBM ochedwa Stretch, kufuna njira yoti kompyuta imodzi izitha kugwira nchito zingapo pa nthawi imodzi. Mu 1961, ali ndi zaka 38, msinkhu umene ambiri amati sukulu ndi ya ana, anabwerera m'kalasi pa yunivesite ya Michigan ku Ann Arbor, ndipo mu 1965 analandira digiri ya udokotala. Kafukufuku wao anali pa funso limene katswiri wochuka John von Neumann anasiya, lakuti kodi makina angathe kubala makina anzake ofanana nao. Von Neumann anaonetsa kuti zitheka ndi tizigawo tokhala ndi mikhalidwe 29; a Codd anaonetsa kuti mikhalidwe 8 yokha ndi yokwanira. Mtima umenewu, wofuna kucotsa zonse zosafunika kufikira patatsala zenizeni zokha, ndiwo anapita nao ku San Jose m'cigawo ca California mu 1967, kumene IBM inali ndi nyumba yake ya kafukufuku.

NJIRA ZA M'THENGO

Kuti nchito yao imveke bwino, nkofunika kudziwa mmene zinthu zinalili pa nthawiyo. Mabanki, makampani a inshuwalansi ndi maboma anali atayamba kale kusunga makaundula ao m'makompyuta, koma kasungidwe kake kanali kovuta zedi. Makina ochuka a IBM pa nchito imeneyi anali kuchedwa IMS. Anayamba kugwira nchito mu 1968, ndipo anakonzedwa poyamba kuti azisunga mndandanda wa zipangizo zankhaninkhani za combo ca Apollo copita ku mwezi. IMS inali kusanja zinthu monga mtengo: thunthu, nthambi, kenaka timphanda.

Kaundula wa anthu a ku Petauke atasanjidwa motero, pamwamba pangakhale mfumu, monga a Kalindawalo, pansi pake midzi yao, pansi pa mudzi uliwonse mabanja, ndipo pansi pa banja munthu aliyense payekha. Umu ndi mmenenso akalaliki a atsamunda anali kulembera mabuku a msonkho, mudzi ndi mudzi. Kasanjidwe kotere ndi kabwino ngati funso ndi lakuti m'mudzi wakutiwakuti muli yani ndi yani. Koma wina akafunsa kuti ndi alimi angati m'boma lonse amene anagulitsa nshawa caka catha koma sanalandirebe ndalama zao, makinawo ayenera kutsika nthambi iliyonse, kugogoda khomo ndi khomo, ndipo munthu wolemba malangizo ayenera kuwauza poyambira, pokhota ndi pobwerera. Panali njira inanso, yolimbikitsidwa ndi bungwe la CODASYL kucokera pa nchito ya Charles Bachman wa ku kampani ya General Electric, imene inali kulola tinjira tambiri tolumikiza colembedwa cina ndi cinzake. Komabe tinjirato tinali tinjira ndithu. Wofuna yankho anayenera kukhala ngati mlenje wa ku cigwa ca Luangwa amene adziwa mkwaso uliwonse pamtima. Mlendo sakanatha kulowamo yekha.

Coipa koposa cinali cakuti maonekedwe a kaundulayo, ndiko kuti cinthu cakuti cili pa malo akuti ndipo ndi cotalika mwakuti, anali kulembedwa m'kati mwa pulogalamu iliyonse yowerenga kaundulayo. Abwana akalamula kuti pa dzina la munthu aliyense pawonjezedwe malo olembapo kanthu kena katsopano, mapulogalamu ambirimbiri anali kusokonezeka, ndipo akatswiri anali kutha miyezi akukonza zimene dzulo lake zinali kuyenda bwino.

Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. A Codd sanakulire m'nchito ya makaundula a malonda. Anali munthu wa masamu, ndipo anaona cipwirikiti cimene eni nchitoyo anali atacizolowera. Mu August 1969 analemba lipoti la m'kati mwa IBM, ndipo mu June 1970 anasindikiza nkhani ya masamba 11 okha m'magazini ya akatswiri yochedwa Communications of the ACM, ya mutu wakuti A Relational Model of Data for Large Shared Data Banks.

Ganizo lao linali lapafupi kotero kuti ena analipeputsa. Anati zonse zosungidwa ziziikidwa m'matebulo, monga tsamba la kaundula wa kusukulu: mizere yopingasa, mzere uliwonse kuimira cinthu cimodzi, ndi madanga otsika, danga lililonse ndi dzina lake pamwamba. Pasakhale tinjira tobisika tolumikiza tebulo ndi tebulo. Ngati matebulo awiri ali pa ubale, ubalewo uzioneka m'zolembedwa zenizenizo.

Mwacitsanzo, kaundula wa alimi atakonzedwa mwa njira imeneyi angakhale ndi tebulo la alimi, lokhala ndi nambala ya reji, dzina ndi nambala ya mudzi. Tebulo la midzi, lokhala ndi nambala ya mudzi, dzina lake, mfumu ndi boma. Ndi tebulo la zogulitsa, lokhala ndi nambala ya reji, mbeu, matumba ndi tsiku. Dzina palokha silingadalirike, pakuti kuno kum'mawa a Phiri, a Banda, a Tembo, a Daka ndi a Mwanza ndi osawerengeka, ndipo m'mudzi umodzi mungapezeke anthu atatu a maina ofanana ndendende. Tsono tebulo lililonse liyenera kukhala ndi danga limene silibwereza, limene akatswiri amalicha kiyi, monga nambala ya reji. Nambala yomweyo ikapezeka m'tebulo la alimi ndiponso m'tebulo la zogulitsa, makina amadziwa okha kuti mizere iwiriyo ikunena za munthu mmodzi. Wofunsa angonena cimene afuna. Kupeza njira yofikira ku yankho ndi nchito ya makina. A Codd anaonetsa ndi masamu kuti ndi zocita zowerengeka cabe, monga kusankha mizere, kusankha madanga ndi kulumikiza matebulo, mafunso osawerengeka angathe kuyankhidwa, ngakhale amene wokonza kaundulayo sanawaganizepo.

M'zaka zotsatira anawonjezerapo lamulo lina limene ophunzira a makompyuta amavutika nalo kufikira lero, lochedwa normalization. Tanthauzo lake ndi lakuti mfundo iliyonse ilembedwe pa malo amodzi okha. Phindu la lamulo limeneli anthu a dera lino angalimve msanga kuposa ena, cifukwa malire a maboma ao asintha kangapo. Nyimba inali mbali ya Petauke isanakhale boma palokha. Mu 2012 Sinda inakhala boma, kutenga madera ena a Petauke ndi a Katete, ndipo mu 2018 Lusangazi nayo inapatuka ku Petauke, pamodzi ndi dziko la mfumu Sandwe. Ngati dzina la boma linalembedwa pa khadi la mlimi aliyense, kusintha kotere kutanthauza kufufuta ndi kulembanso makhadi zikwizikwi, ndipo mosakaika ena adzaiwalika, kotero kuti anthu a mudzi umodzi adzaoneka ngati a maboma awiri. Koma ngati dzina la boma lili m'tebulo la midzi lokha, kalaliki angosintha mzere umodzi pa mudzi uliwonse wokhudzidwa, ndipo alimi onse a m'mudzimo asamuka nao pamodzi popanda kuwakhudza.

NKHONDO YA M'NYUMBA

Wina angayese kuti IBM inawalandira ndi nthungululu. Sizinatero. IMS inali kubweretsa ndalama zambiri, ndipo akuluakulu a kampani sanafune kupha ng'ombe ya mkaka cifukwa ca ganizo la pa pepala. Akatswiri ambiri anatinso makina omafuna okha njira adzakhala ocedwa kwambiri, ndipo pa makompyuta a nthawi imeneyo mantha ao sanali opanda pake. A Codd sanali munthu wokhala cete. Anayamba kufotokozera makasitomala a IBM eniake za ubwino wa njira yatsopanoyo, ndipo makasitomalawo anayamba kufunsa kampaniyo kuti idzawagulitsa liti makina otere. Zimenezi sizinawakondweretse abwana ao.

Mu 1973 Bachman analandira mphoto ya Turing, imene ndi yaikulu koposa pa sayansi ya makompyuta, ndipo m'caka cotsatira, pa msonkhano wa akatswiri ku Ann Arbor, amuna awiriwa ndi owatsatira ao anatsutsana poyera pamaso pa anzao. Palibe amene anagonja tsiku limenelo, koma acinyamata ambiri a m'mayunivesite anacokapo atakopeka ndi matebulo.

IBM inayamba ndithu kuyesa ganizolo ku San Jose komweko pa nchito yochedwa System R, koma a Codd sanapatsidwe utsogoleri wake. Cinenero cofunsira mafunso cimene iwo anakonza, cochedwa Alpha, cinasiyidwa, ndipo m'malo mwake Donald Chamberlin ndi Raymond Boyce anakonza cina mu 1974, cimene poyamba cinachedwa SEQUEL, pambuyo pake SQL. Boyce anamwalira caka comweco akali mnyamata, koma dzina lake linatsala lomangika ku la a Codd pa lamulo lina la kakonzedwe ka matebulo. Pa nthawi yomweyo, ku yunivesite ya California ku Berkeley, Michael Stonebraker ndi Eugene Wong anali kumanga makina ao a matebulo ochedwa Ingres. Funso la liwiro linayankhidwa pang'onopang'ono, makamaka pamene Patricia Selinger ndi anzake a System R anasindikiza mu 1979 njira imene makina angayerekezere mtengo wa njira zosiyanasiyana zofikira ku yankho ndi kusankha yacidule.

Pamene IBM inali kuzengereza, ena anali kuwerenga. Larry Ellison ndi anzake awiri, Bob Miner ndi Ed Oates, anayambitsa kakampani mu 1977, nawerenga zimene akatswiri a IBM anali kusindikiza poyera, ndipo mu 1979 anayamba kugulitsa Oracle. IBM inatulutsa SQL/DS mu 1981 ndi DB2 mu 1983, itatsogoleredwa kale pa msika ndi anthu amene anatola nzeru pa khomo pake. Ellison anadzakhala mmodzi wa anthu olemera koposa pa dziko lapansi. A Codd analandira ulemu, pakuti anakhala IBM Fellow mu 1976 nalandira mphoto ya Turing mu 1981, koma cuma cotuluka m'ganizo lao cinapita m'matumba a ena.

KAUNDULA WA MAKAUNDULA

Mu 1983 anavulala kwambiri atagwa, ndipo mu 1984 anapuma nchito ku IBM. Anayamba kampani yolangiza pamodzi ndi mnzao wakale Chris Date ndi Sharon Weinberg. Apa nkuti mphepo itatembenuka: njira imene inali kunyozedwa inali itasanduka ya malonda, ndipo kampani iliyonse inali kulengeza kuti makina ake ndi a njira ya a Codd, ngakhale amene anangopaka utoto watsopano pa makina akale. Izi zinawapsetsa mtima. Mu October 1985 anasindikiza nkhani ziwiri m'nyuzipepala ya Computerworld, momwe anaika malamulo oyesera makina alionse odzicha dzina limenelo. Amachedwa malamulo 12, ngakhale kuti ndi 13, cifukwa kuwerenga kwake kunayambira pa 0.

Lamulo la nambala 4 ndilo limene likhudza nchito ya tsiku ndi tsiku ya aliyense wosamala makaundula a m'makompyuta, ndipo liyenera kufotokozedwa mofatsa. Kaundula aliyense ali ndi pulani yake, imene akatswiri amaicha schema: muli matebulo angati, lililonse lili ndi madanga ati, danga liti limalandira manambala ndi liti limalandira mau kapena masiku, kiyi ndi iti, ndipo tebulo liti lidalira linzake. Pulaniyi ili ngati zikhomo ndi cingwe zimene mmisiri amayamba wakhoma pansi asanaike njerwa ndi imodzi yomwe. Funso ndi lakuti pulaniyo isungidwe kuti.

M'maofesi akale inali kusungidwa m'mutu mwa kalaliki wamkulu. Iye yekha ndiye anali kudziwa kuti buku la caka cakuti lili pa shelufu iti, kuti danga la inki yofiira litanthauza ciani, ndi cifukwa cake maina ena ali ndi kamtanda m'mbali. Tsiku limene anali kupuma nchito kapena kusamutsidwira ku Lundazi, ofesi yonse inali kusanduka yakhungu, mabuku ali pomwepo. Makompyuta oyamba anatengera matenda omwewo, kungoti mutu wa kalaliki unasanduka mapulogalamu obalalika. A Codd analamula kuti pulaniyo izikhala m'kati mwa nkhokwe yomweyo, yolembedwa m'matebulo ofanana ndi ena onse, ndipo munthu wololedwa azitha kuifunsa ndi cinenero comweco cimene amafunsira za alimi kapena za odwala. Matebulo ofotokoza matebulo anzake amenewa ndiwo katalogi, kunena kwina kaundula wa makaundula. Omanga System R ndi Ingres anali atayamba kale kucita zimenezi. A Codd anazisandutsa muyeso woti makina osatero asadziche a njira yao.

Cooneka ngati kanthu kakang'ono kameneka ndico cinatsegula khomo la zida zimene lero zimayang'anira makaundula popanda munthu kuima pambali. Popeza katalogi ingathe kufunsidwa, pulogalamu imene sinaonepo kaundula wina ingathe kufika, kufunsa kuti muno muli ciani, ndi kudzikonzera yokha mafomu olembamo, malipoti ndi makope osungira pa ngozi. Cida cina cingathe kuyerekeza katalogi ya kompyuta ya pa cipatala ca kumudzi ndi ya ku likulu, kupeza kuti kwina danga latsopano silinafike, ndi kulemba malangizo ogwirizanitsa ziwirizo. Mbali ya makina yosankha njira yacidule nayonso imayamba yafunsa katalogi kuti tebulo lakuti lili ndi mizere ingati. Ngakhale zilolezo, zakuti uyu angawerenge cabe koma uyo angasinthe, zimalembedwa momwemo. Mu 1992 muyeso wa dziko lonse wa SQL unaika dzina limodzi, INFORMATION_SCHEMA, la malo ofunsirako zimenezi, ngakhale kuti makampani ena, monga Oracle, anapitiriza ndi maina ao.

Lamulo la nambala 10 linapita patsogolo. Linati malamulo oteteza coonadi ca kaundula, monga lakuti nambala imodzi ya reji isalembedwe pa anthu awiri, kapena lakuti matumba asalembedwe pa dzina la mlimi amene mulibe m'tebulo la alimi, nawonso azisungidwa m'katalogi, osati m'mapulogalamu. Cifukwa cake ncoonekeratu. Mapulogalamu ndi ambiri ndipo amalembedwa ndi anthu osiyanasiyana. Mmodzi akaiwala lamulo, bodza lalowa. Koma mlonda akaima pa khomo la nkhokwe yeniyeniyo, aliyense wobwera ndi katundu ayenera kudzera pamaso pake. Kunena zoona, mlondayu ali ndi polekezera. Angakane nambala yobwerezedwa, koma sangadziwe ngati mwini nambalayo ali ndi munda kapena anaikidwa m'manda zaka zapitazo. Zimenezo zitsalabe m'manja mwa nyakwawa ndi mlangizi wa zaulimi. Ndiponso mphamvu yomweyo imene ilola cida kuwonjezera danga pa makompyuta ambiri usiku umodzi ndiyo ilola kuti danga lofunika lifufutidwe ponseponse usiku umodzi, ngati wolamulayo walakwitsa. Ndi cifukwa cake osamala nchito imeneyi amayamba asunga kope ndi kuyesera pambali asanakhudze pulani ya kaundula weniweni.

Panali nkhani inanso imene a Codd analimbana nayo kufikira ukalamba, yooneka yaing'ono koma yodziwika kwa kalaliki aliyense wa kumudzi. Agogo akafika kudzalembetsa, osadziwa tsiku limene anabadwa koma kungokumbukira kuti cinali caka ca dzombe kapena ca njala, kodi m'danga la tsiku lobadwa mulembedwe ciani? Akalaliki ambiri amangolemba 1 January, ndipo pakapita nthawi kaundula amaonetsa ngati theka la nkhalamba za m'mudzi linabadwa tsiku limodzi. Lamulo lao la nambala 3 linati makina akhale ndi cizindikiro capadera cotanthauza kuti cinthuci sicidziwika, cosiyana ndi 0 ndiponso cosiyana ndi tsiku lopeka. M'buku lao la mu 1990, The Relational Model for Database Management: Version 2, anafuna zizindikiro ziwiri, cina ca cinthu cimene cilipo koma sicidziwika, cina ca cinthu cimene sicikhudza munthuyo nkomwe, monga dzina la mwamuna wa mai wosakwatiwa. Pa mfundo imeneyi anasiyana maganizo ngakhale ndi mnzao Chris Date, amene sanafune zizindikiro zotere mpang'ono pomwe.

Cinenero ca SQL, cimene cinavomerezedwa monga muyeso ku America mu 1986 ndi pa dziko lonse mu 1987, sicinawakhutiritse konse. Anacidzudzula poyera, makamaka cifukwa cimalola mzere umodzimodzi kulembedwa kawiri m'tebulo, cinthu cimene masamu ao anali kukana. Ambiri anawaona ngati munthu wouma mutu, ndipo mwina sanalakwe kwenikweni, pakuti palibe makina a malonda amene anakwanitsa malamulo ao onse. Nawonso sanali opanda banga. Mu 1993 anasindikiza nkhani imene inachukitsa mau akuti OLAP, onena za njira yosanthula ziwerengero zambiri, koma zitadziwika kuti nchitoyo inalipiridwa ndi kampani ya Arbor Software, imene makina ake anayamikiridwa m'nkhaniyo, anthu ambiri anawadzudzula.

Kuyambira m'zaka za m'ma 2000 kwabuka mitundu ina ya nkhokwe za m'makompyuta imene siumiriza pulani poyamba, yokondedwa ndi makampani aakulu a pa intaneti. Komabe pamene pali ndalama, maina a nzika kapena ziwerengero za odwala, matebulo ndiwo akali kudaliridwa kwambiri. Malipoti a mwezi ndi mwezi ocokera m'zipatala za m'maboma a Zambia, kuphatikizapo Petauke ndi Nyimba, amasonkhanitsidwa ndi Unduna wa Zaumoyo m'makina ochedwa DHIS2, amene anakonzedwa motsogozedwa ndi yunivesite ya Oslo ku Norway. Pansi pa DHIS2 pali PostgreSQL, mdzukulu wa Ingres uja wa ku Berkeley. Ndipo mai wogulitsa nthoci m'mbali mwa mseu wa Great East pa Nyimba, ngati foni yake ndi ya Android, wanyamula m'cikwama kankhokwe kochedwa SQLite, kamene Richard Hipp anakalemba mu 2000. M'menemo mumasungidwa manambala a abale ake ndi mauthenga ake, m'matebulo a mizere ndi madanga, ndipo pakati pa matebulowo pali limodzi limene nchito yake ndi kufotokoza matebulo ena onse.

Pa za banja, a Codd anabereka ana anai ndi mkazi wao woyamba, Elizabeth. Ukwatiwo unatha mu 1978, ndipo mu 1990 anakwatira Sharon Weinberg, mnzao wa pa nchito uja. Masiku ao otsiriza anakhala ku Williams Island m'cigawo ca Florida, kumene anamwalira ndi matenda a mtima pa 18 April 2003, ali ndi zaka 79. M'caka cotsatira bungwe la akatswiri a makaundula a m'makompyuta la SIGMOD, limene pa msonkhano wake wa mu 1974 iwo anatsutsana ndi Bachman, linasintha dzina la mphoto yake yaikulu ya caka ndi caka kuti izichedwa ndi dzina la Edgar F. Codd.